Ola limene mwininyumba amaganiza kuti ndikupuma

Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza makina oziziritsa, ndipo amene ndimawagwira kwambiri ndi eyakoni ya magawo awiri, ija yoti bokosi limodzi limapachikidwa pakhoma m'chipinda pomwe linzake limakhala panja. Ambiri amaigula chifukwa cha dzuwa la mu Okutobala, makamaka anzathu a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Koma yambiri imene ikubwera masiku ano imathanso kufunditsa chipinda, ndipo imeneyo ndi imene m'mabuku a makinawa amailemba kuti heat pump. Ku Dedza, ku Mzuzu, ngakhale kuno ku Blantyre chiperoni chikatsika mu Juni ndi Julayi, munthu amene ali nayo safunikanso hita.

Makinawa sapanga kutentha ayi, amangokunyamula kuchoka mbali ina kupita nako mbali ina. Gasi amene amazungulira m'mapaipi a kopa amamwa kutentha akamasanduka nthunzi, n'kukakutaya kompuresa ikamupanikiza mpaka kubwerera kukhala wamadzimadzi. M'bokosi lapanja muli valavu ya njira zinayi imene imatembenuza kayendedwe ka gasiyo. Nyengo yotentha kutentha kumatuluka m'chipinda kupita panja, nyengo yozizira kumatengedwa mumpweya wapanja kulowa m'nyumba. Mpweya wa m'mawa wa ku Dedza, ngakhale ukuluma m'zala, umakhala udakali ndi kutentha kokwanira gasi amene amawira pa madigiri oposa 50 pansi pa ziro. N'chifukwa chake yuniti imodzi ya magetsi imatha kubweretsa kutentha kwa mayunitsi atatu kapena kuposerapo, pomwe hita ya waya imakubwezerani yomweyo imodzi imene mwaipatsa. Kwa munthu wogula magetsi olipiriratu, kusiyana kumeneku amakuona pamita.

Kusankha malo sikutenga nthawi ngati maso anazolowera. Bokosi lamkati likhale pamwamba, pomwe mpweya ungayende momasuka, osati kuseri kwa katani kapena pamwamba pa televizioni pomwe dontho limodzi lingawononge katundu. Ndisanabowole khoma ndimayang'ana kaye pomwe pali masoketi ndi maswichi, chifukwa mawaya ambiri amakwera molunjika kuchokera pamenepo. Bowolo limapendekera pansi kulowera panja kuti madzi azitsetsereka okha ndiponso mvula isalowe.

Bokosi lapanja ndi limene limafuna kulingalira. La makina a 12,000 BTU limalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo limanjenjemera tsiku lonse. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi, pulasitala pamwamba. Maonekedwe ake ndi olimba, koma bawuti siigwira. Khoma lotere sindipachikapo kanthu. Ndimauza mwininyumba kuti tiwake kasilabu ka simenti pansi, kokwera pang'ono kuti madzi a mvula ndi matope asafikepo. Pomwe pakufunika kukwera, makwerero amamangidwa, mnyamata wanga amagwira pansi, ndipo bokosilo limakwezedwa ndi chingwe, osati paphewa. Eni ake ambiri amafunanso khola lachitsulo poopa akuba, ndipo sindiwatsutsa, chifukwa kopa ali ndi msika. Ndimangopempha wowotcherera kuti asiye mpata wokwanira kumbuyo ndi kutsogolo kwa fani. Khola lothina limachititsa makina kupuma mpweya womwewo umene angotulutsa kumene.

Zonsezi mwininyumba amaziona ndi maso ake ndipo angathe kuziweruza. Zimene zimapha makina, nthawi zina n'kuvulaza munthu, zili m'kati mwa mapaipi awiri olumikiza mabokosiwo momwe diso silifika.

Paipi yaing'ono pa makina ang'onoang'ono imakhala ya kota inchi, yaikulu ya 3/8 kapena theka la inchi. Kumapeto kwa iliyonse timapangako kamlomo kotambasuka kamene timati fuleya, ndipo kamlomo kameneka ndi kamene kamatseka gasi popanda guluu kapena labala, kopa kukhudzana ndi mkuwa basi. Paipi imadulidwa ndi chodulira chake, osati sowo. Timapala m'mphepete mwake itayang'ana pansi kuti tizidutswa tigwere kunja. Nati imalowa kaye, kenako n'kupanga fuleya. Ikatuluka yopendama, yokandika kapena yong'aluka pang'ono, ndimaidula n'kuyambiranso, ndipo pamenepa sindimvera madandaulo a mnyamata aliyense. Pomanga ndimagwiritsa ntchito sipanala yoyeza mphamvu. Nati ya kota inchi imafuna pakati pa 14 ndi 18 Nm, ya 3/8 imafuna kuwirikiza kawiri ndi kupitirirako. Dzanja la munthu wamphamvu limaphwanya fuleya yaing'onoyo mosavuta, ndipo gasi sathawa tsiku lomwelo. Amadzathawa pakatha miyezi, kopa atafutukuka ndi kufota kambirimbiri.

Ndikamanga, mavalavu a bokosi lapanja amakhala akadali otseka, gasi wa kufakitale ali m'kati. Mapaipi ndimawayesa ndi naitrojeni wouma, kudzera pa regyuleta, chifukwa m'silinda yodzaza mumakhala mphamvu yoposa kutali imene makinawa angapirire. Ndimakweza pang'onopang'ono, osadutsa mlingo umene walembedwa pachikwangwani cha makinawo, kenako n'kupaka thovu la sopo pa nati iliyonse ndi kuyang'ana geji ngati ikutsika. Apa pali lamulo limene ndimaliphunzitsa tsiku loyamba kwa aliyense wobwera kudzaphunzira kwa ine: okosijeni wa owotcherera sayandikira makina awa. Okosijeni wopanikizika akakumana ndi mafuta a kompuresa amaphulika. Masilinda awiriwa angafanane kwa munthu wothamanga, makamaka utoto ukafufuka, choncho timawerenga zolembedwa, sitiyang'ana mtundu.

Ndiye pamabwera ola lija. Ndimatulutsa naitrojeni, n'kulumikiza pampu ya vakyumu, n'kuiyatsa, n'kukhala pansi pafupi ndi geji. Mwininyumba amatuluka, amaona mabokosi onse ali m'malo, mawaya alumikizidwa, mmisiri wakhala pachidebe.

"Amisiri, kodi simungangoyatsa tione? Anzanu aja anaika kwa achimwene, pofika masana anali atapita."

"Bambo, ndikuchotsa madzi m'mapaipimu."

"Madzi? Mwalowa madzi liti?"

Funso lawo ndi lomveka, chifukwa mapaipiwo ndi ouma ukawagwira. Koma mpweya umene unalowamo pamene ndimadula ndi kupinda uli ndi chinyezi, makamaka nyengo ya dzinja. Pampu imatsitsa mphamvu ya mpweya m'mapaipimo mpaka madzi ayambe kuwira popanda moto. Aliyense amene anaphikapo pamwamba pa phiri la Mulanje amadziwa kuti kumeneko madzi amawira asanatenthe kwenikweni, chifukwa mpweya wake ndi wopepuka. Pampu imapitiriza zomwezo mpaka patali kwambiri. Mphamvu ya mpweya umene tikupumawu ndi mamaikironi pafupifupi 760,000, ndipo ine ndimafuna kufika pa 500 kapena kutsikirapo. Geji wamba ya singano singakuuzeni zimenezi. Singano yake imagona pansi m'mphindi ziwiri zoyamba n'kuoneka ngati ntchito yatha, chikhalirecho chinyezi chikadalimo. Pamafunika geji ya maikironi. Ikafika pa 500 ndimatseka valavu, kuzimitsa pampu, n'kudikiranso. Manambala akakwera osaima, pali pobowoka. Akakwera n'kuima pamwamba, madzi akadalimo, pampu iyambirenso. Akakhazikika, apo ndiye ndimatsegula mavalavu ndi aleni kiyi kuti gasi alowe.

Chifukwa chimene ndimaumirira chonchi ndi mafuta a kompuresa. Makina a gasi wa R410A ndi R32 amagwiritsa ntchito mafuta amene amamwa chinyezi msanga, ndipo chinyezicho chimawasandutsa asidi. Asidiyo amadya utoto wa mawaya a mota m'kati mwa kompuresa monga nankafumbwe m'nkhokwe, kunja kukuoneka bwinobwino. Kadontho kena kamaundana pakabowo kopapatiza pomwe gasi amadutsa n'kutseka njira. Mpweya wotsalira nawo susanduka wamadzimadzi ngati gasi, umangokweza mphamvu ndi kutentha. Makina otere amagwira ntchito chaka choyamba, mwina chachiwiri, kenako kompuresa imapsa, ndipo mtengo woisintha umayandikira wa makina atsopano. Pofika nthawi imeneyo palibe amene amakumbukira tsiku limene anaikidwa.

Njira yachidule imene yafala ndi yotsegula valavu pang'ono, kumasula nati, n'kulola gasi kukankha mpweya kwa masekondi angapo. Imachokera ku nthawi ya gasi wa R22, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali yolakwika. Sichotsa chinyezi, imachepetsa gasi amene fakitale inayeza pasikelo, komanso imataya mumlengalenga chinthu chimene dziko lonse linagwirizana kuti chichepetsedwe. Pangano la Montreal la 1987 ndi limene likuthetsa R22 chifukwa amawononga ozoni, ndipo kusintha kwake kumene kunachitikira ku Kigali mu 2016 kukuchepetsa magasi amene analowa m'malo mwake. Kilogalamu imodzi ya R410A ikathawa imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 2,000 a mpweya wa kaboni. Ya R32 ndi pafupifupi 675. Ndimamvetsa mnyamata amene wangotuluka kumene kusukulu ya ntchito zamanja, alibe ndalama ya pampu ndi geji, ndipo kasitomala akusankha wotchipa. Koma pampu imabwerekedwa, ndipo yanga ndabwereketsa kwa ambiri. Chimene sindingavomereze ndi kulandira ndalama ya munthu uku ukudziwa kuti wamusiyira madzi m'makina.

R32 uja ali ndi khalidwe lake. Amayaka, ngakhale kuti sayaka msanga ngati gasi wophikira, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akathawa amadikha pansi. Ndisanatsegule chilichonse ndimayendera malo. Mbaula ikhale kutali, wosuta akasutire kwina, mawindo atsegulidwe. Buku la makinawo limanena kukula kwa chipinda chochepetsetsa chimene angaikidwemo, ndipo ndimaliwerenga. Makina ena ang'onoang'ono akubwera ndi R290, yemwe ndi puropeni weniweni, ndipo ameneyo amafuna kusamala koposa. Magolovesi ndi magalasi sindivula polumikiza kapena kuchotsa mapaipi a geji, chifukwa gasi wamadzimadzi akakuthira pakhungu amawotcha ndi kuzizira, m'diso ndiye amatha kukuchititsa khungu. Mapaipi akatalika kudutsa mlingo umene fakitale inadzazira, nthawi zambiri mamita 5 kapena kupitirira pang'ono, gasi wowonjezera amayezedwa pasikelo, magalamu akutiakuti pa mita monga buku lanenera. Kugwira paipi ndi dzanja n'kunena kuti wakwana si muyeso.

Za magetsi ndinena mwachidule, ngakhale kuti ndi amene amapha msanga. Makinawa akhale ndi buleka yawoyawo kuchokera pabolodi, waya wokula mokwanira, waya wa ethi wolumikizidwa ndi woyesedwa, ndi swichi yozimitsira pafupi ndi bokosi lapanja kuti wodzakonza mawa azimitse yekha pomwe akuona. Ndikazimitsa ndimayesa ndi mita, sindikhulupirira mawu a munthu wofuula kuchokera m'nyumba kuti wazimitsa. Makina a inveta amasunga magetsi oposa mavoti 300 m'makapasita ngakhale atazimitsidwa, choncho ndimadikira mphindi khumi n'kuyesanso ndisanalowetse dzanja. Kwathu kuno magetsi akabwerera atathima nthawi zina amabwera mokwera kapena motsika, ndipo bolodi ya inveta ndi yodula, ndiye ndimalangiza kuikako chotetezera chimene chimachedwetsa kuyaka kwa mphindi zingapo.

Pali ngozi ina imene imadikira pa tsiku losamutsa makina, anthu akamasintha nyumba ya lendi. Timabweza gasi yense m'bokosi lapanja poyendetsa kompuresa valavu yaing'ono ili yotseka, kenako n'kutseka yaikulu. Kompuresa iyenera kuzimitsidwa nati iliyonse isanamasulidwe. Ikayamwa mpweya wakunja n'kuupanikiza pamodzi ndi mafuta otentha, imaphulika ngati mmene dizilo amayakira mu injini, ndipo munthu amakhala atawerama pomwepo, nkhope pafupi ndi chitsulo.

Mapaipi onse awiri ndimawakuta ndi thovu lake lakuda, iliyonse payokha, n'kukulunga tepi kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti mvula isalowe m'mipata. Bowo la pakhoma limatsekedwa, apo ayi makoswe, mphemvu ndi abuluzi amapeza njira, ndipo buluzi mmodzi pabolodi amakwanira kuzimitsa makina onse. Ndimathira madzi m'thireyi ya bokosi lamkati n'kupita panja kukaona ngati atuluka.

Poyesa ndimayendetsa mbali zonse ziwiri, kuziziritsa ndi kufunditsa, ngakhale kunja kukutentha, kuti ndimve valavu ija ikutembenuka. Kenako ndimaitana mwininyumba ndi amene adzagwire rimoti tsiku ndi tsiku, amene nthawi zambiri amakhala mayi a m'nyumbamo kapena wantchito. Ndimawauza kuti nyengo yozizira madzi azidontha kuchokera kubokosi lapanja, osati lamkati, ndipo zimenezo si vuto. M'mawa wozizira kwambiri makina angaime kwa mphindi zingapo, panja n'kutuluka nthunzi. Amakhala akusungunula madzi oundana pakoyilo, asawazimitse. Ndimawaonetsa kachotsedwe ka sefa ndi kuitsuka milungu iwiri iliyonse nyengo ya fumbi. Pomaliza ndimalemba m'kati mwa chivundikiro cha bokosi lapanja tsiku, mtundu wa gasi, kutalika kwa mapaipi, magalamu amene ndawonjezera ndi mamaikironi amene vakyumu inaimapo, kuti mmisiri wodzabwera pambuyo panga adziwe poyambira.