Malangizo nawo amakalamba

Ife amene timagwila nchito modzipeleka pa wailesi ya m'dela timadziwa kuopsa kwa cilengezo cakale. Pepala lokamba kuti msonkhano wa alimi uliko "mawa" limakhala loona tsiku limodzi cabe. Likagona pa thebulo, wina n'kuliwelenga patapita masiku awili, anthu amachova njinga mtunda wautali kukapeza pa sukulu pali zii. Palibe cilembo cimene casintha pa pepalalo, koma lasanduka bodza. Malangizo a makompyuta nawo amacita cimodzimodzi, ndipo ife tinaziona bwino pa kacipangizo kakang'ono ngati cikhadabo.

Makompyuta a pa wailesi yathu ni akale, ocita kupatsidwa, ndipo alibe Wi-Fi. Tinaikamo Linux cifukwa ni yaulele komanso imayenda bwino pa makina okalamba. Windows 10 inaleka kuthandizidwa pa 14 October 2025, ndipo makina athu sangakwanitse Windows 11. Kuti afike pa intaneti, timalowetsa kacipangizo ka Wi-Fi pa USB, ka TP-Link TL-WN725N. Nkhani za nyengo, mitengo ya cimanga, mawu amene atolankhani athu amatumiza pa WhatsApp, na pulogilamu imene abale a ku Lusaka na ku Copperbelt amamvetsela pa Facebook, zonse zimapita m'kanthu kameneka. Kakaleka kugwila nchito, woŵelenga nkhani amalowa mu situdiyo cimanjamanja.

Kompyuta na kacipangizo kotele sizimvana cinenelo. Pakati pake pamafunika womasulila, monga uja amaima pambali pa mlaliki wocokela kutali. Womasulila ameneyu ni kapulogilamu kochedwa driver. Mu Linux, ma driver ambili amakhala mu kernel, umene ni mtima wa Linux, ndipo aliyense angawaŵelenge na kuwakonza. Linus Torvalds anayamba kernel imeneyi mu 1991, ndipo mpaka lelo yatsopano imatuluka pakapita mawiki 9 kapena 10. Ikamasintha, driver nayenso afunika kusintha nayo. Akatsalila, samvananso.

Mkati mwa kacipangizo kathu muli chip ya Realtek yochedwa RTL8188EU. Kuyambila mu 2013, driver wake anali m'cigawo ca kernel cochedwa staging, kumene amasungila ma driver ogwila nchito koma osakonzedwa mokwanila. Anthu ambili anali kukonda driver wina wa kunja kwa kernel, wotenga pa GitHub. Conco malangizo a nthawi imeneyo anali kukamba kuti: tenga driver uyu pa intaneti, um'mange pa kompyuta yako kuti makina amumve, ndiyeno utsekele driver wa mu kernel kuti aŵiliwa asalimbilane kacipangizo kamodzi. Amene analemba zimenezi sananame. Pa nthawi yake zinali zoona, ndipo zinathandiza anthu ambili.

Mu April 2023 kunatuluka Linux 6.3. Driver wa mu staging, r8188eu, anacotsedwa, ndipo nchito yake inapatsidwa kwa driver wina wa mu kernel, rtl8xxxu. Kucokela pamenepo, munthu amangolowetsa kacipangizo, basi kayamba kugwila. Kernel inasamuka, malangizo anatsala pa mudzi wakale.

Anzathu a pa wailesi ina ya kuno kum'mawa anatiuza kuti tuzipangizo twawo tuŵili tunafa, ndipo anatuponya m'dilowa. Tinabweleka kamodzi n'kukayesa pa kompyuta yathu ya Ubuntu 24.04, imene inabwela na kernel 6.8. Kanagwila nthawi yomweyo. Titapita kukaona makina awo, tinapeza kafaelo ka mizele iŵili kotsekela ma driver a mu kernel, kuphatikizapo rtl8xxxu. Anakopela mizeleyo pa malangizo a gulu lina la anthu odzipeleka, osalembedwa deti. Womasulila wabwino anali m'nyumba, koma anam'tseka pakamwa.

Taganizilani zimene malangizo amenewo anawadyela. Kuti umange driver ufunika kutenga mapulogilamu omangila pa intaneti, koma kompyuta imene ukukonza ndiyo ilibe intaneti. Ndiye umalumikiza foni yako, bundle imene unagula na ndalama ya ndiwo n'kumapita. Cinali caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kucoka maola ambili pa tsiku. Maola ocepa a malaitiwo anathela pa kumanga driver amene anali kukana kumangika pa kernel yatsopano. Malangizo anati lemba ifconfig, kompyuta inayankha kuti siidziŵa zimenezo, pakuti Debian na Ubuntu analeka kale kuika pulogilamuyo pamodzi na zina. Anati funa dzina lakuti wlan0, koma pa makina amenewa kacipangizo ka USB kamapatsidwa dzina lalitali loyamba na wlx. Cotipweteka kwambili cinali cakuti mtsikana amene anayesa zonsezi anafika pokhulupilila kuti mutu wake ni wouma pa za makompyuta. Anatsatila mzele uliwonse molondola. Pepala ndilo linali litakalamba.

Ife sitidziŵa kulemba driver. Pakati pathu pali mphunzitsi, wogulitsa pa msika, wokonza mafoni na ena a masatifiketi a ku koleji. Koma malangizo aja anali otseguka mofanana na driver amene: aliyense angatumize zokonza, woyang'anila n'kuziona. Ndipo tinali na cinthu cimene olemba ma driver ambili alibe: makompyuta atatu akale osiyana-siyana m'cipinda cimodzi. Ina inali na Debian 12 ya kernel 6.1, ina Ubuntu 22.04 imene inatuluka na 5.15, ina Ubuntu 24.04 ija. Kwa Ciŵelu katatu, pulogilamu ya acinyamata ikatha, tinali kukhala pansi, wina akuŵelenga mzele mokweza, wina akulemba pa kompyuta, wina akulemba m'buku zimene zacitika.

Zimene tinatumiza zinali zocepa. Coyamba, munthu alembe lsusb kuti aone nambala ya chip yake. Yathu ni 0bda:8179. Dzina la pa katoni si lokwanila, cifukwa TL-WN725N yoyambilila inali na chip ina, RTL8188CUS, ngakhale dzina ni limodzi. Caciŵili, alembe uname -r kuti aone kernel yake. Apanso dzina la Ubuntu palokha lingam'soceletse, pakuti 22.04 ingalandile kernel yatsopano m'kupita kwa nthawi. Ngati ni 6.3 kapena kuposa, asatenge ciliconse ca kumanga. Angoona kuti kafaelo ka firmware, rtl8188eufw.bin, kalimo, kamene pa Debian kamabwela mu firmware-realtek, ndipo acotse mzele uliwonse wotsekela rtl8xxxu. Pamene panali ifconfig tinaikapo ip link. Pamwamba penipeni tinalemba deti na makina amene tinayeselapo.

Pa nkhani ya malangizo akale tinatsutsana. M'bale wathu wokonza mafoni anati tifafanize zonse, zatha nchito. Amayi amene amaŵelenga nkhani za m'maŵa anafunsa kuti, "Nanga uja wa kompyuta ngati yathu ya pa kona, adzaŵelenga ciani?" Anakamba zoona. Debian 12 inatuluka mu June 2023 na kernel 6.1, kutanthauza kuti anthu ambili akali pansi pa 6.3, ndipo ambili a iwo ni anthu monga ife, amene sasintha makina caka na caka. Conco zakale sitinazitaye. Tinaziika pansi pa mutu wake, woonetsa bwino kuti ni za kernel yosafika 6.3. Kukonza malangizo si kusesa zakale zonse. Ni kuuza woŵelenga aliyense njila imene ili yake.

Woyang'anila anayankha patapita mawiki angapo. Anatipempha kugaŵa zokonzazo paŵili kuti zikhale zosavuta kuziona, ndipo titatelo anazilandila. Panalibe cikondwelelo ciliconse. Mizele yocepa cabe inasintha.

Tinadzifunsa cifukwa cake malangizo amatsalila conco pamene anthu anzelu ali ambili. Yankho tinalipeza pa nchito yathu yomwe. Amene wakhala zaka zambili mu situdiyo saŵelenganso pepala la pa cipupa lokamba moyatsila makina, manja ake amadziŵa okha. Wolemba driver nayenso saŵelenga malangizo a driver wake. Amene amawaŵelenga ni mlendo, ndipo akulu anati mlendo amabwela na kalumo kakuthwa. Vuto n'lakuti mlendo akagwa m'dzenje amacita manyazi, n'kucoka mwakacetecete. Driver akawonongeka amacita phokoso: kumanga kumalephela, anthu amadandaula, wina amakonza. Malangizo akawonongeka palibe cimalila. Amangopitiliza kutuma anthu ku njila yotsekedwa.

Komanso anthu amene amanyamula nchitozi ni ocepa kuposa mmene timaganizila. Larry Finger, wa ku America, anali wasayansi wofufuza za miyala. Atapuma pa nchito, anathela zaka zambili akukonza ma driver a Wi-Fi mu Linux modzipeleka, maka-maka a Realtek, ndipo driver wa chip yathu anapita m'manja mwake. Anamwalila mu June 2024 ali na zaka 84. Sitinaonanepo naye, koma nkhani zathu zambili zinafika kwa omvetsela cifukwa ca nchito yake. Ife amene sitilandila malipilo pa wailesi timamvetsa umoyo wotele. Munthu mmodzi sangalembe driver, kuyankha mafunso a dziko lonse, n'kukumbukilanso ciganizo ciliconse cimene cakalamba. Mbali yotsalayo ingatheke na anthu wamba, malinga ali na makina, kudekha na buku lolembamo.

Malangizo atsopanowo tinawamasulila m'Cinyanja n'kuwamata pa cipupa ca m'cipinda ca nkhani, deti ili pamwamba. Kope ina tinatumiza kwa anzathu aja, ndipo mtsikana uja ndiye anacotsa mizele iŵili ija na manja ake. Lomba ndiye amayang'anila makompyuta a kwawo. Tinagwilizananso kuti nthawi iliyonse kernel ikasintha pa makina athu, wodzipeleka watsopano kwambili ndiye azitenga pepalalo n'kulitsatila mzele na mzele, ife akale tili cete. Pamene wakakamila, timaikapo cizindikilo na bolopeni yofiila, n'kukonza tsiku lomwelo.

Inu a m'masukulu, m'makiliniki na m'maofesi a makopaletivu, mwina muli na pepala lotele pafupi na kompyuta, lolembedwa na munthu amene anasamuka kale. Liŵelengeni mawa m'maŵa, muyese kucita zimene likamba. Ngati lilibe deti, yambilani pamenepo.