Mowa udamaliza ntchito yomwe kokeni adaiyamba

Roy Tarpley adali munthu wamtali mamita 2.11, woti polowa m'nyumba zathu akadachita kuwerama. Adabadwa m'chaka cha 1964 mumzinda wa New York ku America, ndipo ntchito yake idali kusewera basketball, mpira woponya ndi manja m'dengu lopachika m'mwamba. M'chaka cha 1986 timu ya Dallas Mavericks idamutenga kuti azisewera mu NBA, ligi yaikulu ya masewerawa padziko lonse.

Mnyamatayu adali katswiri. Mpira ukaphonya dengu, kawirikawiri woutola adali iyeyo. M'chaka cha 1988 adalandira mphoto ya wosewera wopambana mwa onse olowa m'bwalo masewero ali mkati, ndipo timu yake idalimbana ndi Los Angeles Lakers mpaka masewero 7 isadagonje. Anthu ankati Dallas yapeza mzati. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tarpley adali atayamba kale kokeni ndi mowa.

Wosewera wotere akalakwa amazengedwa milandu pa mabwalo awiri. Loyamba ndi la boma. M'chaka cha 1989, ndiponso mu 1991, apolisi adamugwira pomuganizira kuti amayendetsa galimoto ataledzera. Lachiwiri ndi la eni ntchito, ndipo ili ndiye lidamupweteka. Kuyambira 1983 NBA idali ndi lamulo lomwe idagwirizana ndi bungwe la osewera. Wodziulula yekha ankapita naye kuchipatala osachotsedwa ntchito, koma wolakwa katatu ankapitikitsidwa, ndipo ankaloledwa kupempha kubwerera patatha zaka ziwiri.

Tarpley adayenda njira yonseyi. Mu 1987 adalowa kuchipatala koyamba. Mu 1989 adaimitsidwa ndi kubwereranso kuchipatala. Mu October 1991 adakana kuyezedwa ngati m'thupi mwake mudali mankhwala, ndipo ligi idati uku ndi kulakwa kwachitatu. Adamuthamangitsa asadakwanitse zaka 27.

Adapita kukasaka ntchito kunja. Ku Greece adasewerera timu ya Aris, yomwe idatenga chikho cha ku Ulaya mu 1993, kenaka Olympiacos. Luso lidali likadalipo. Mu 1994 NBA idamumvera chisoni, Dallas idamulandiranso ndi mgwirizano wa madola mamiliyoni ambiri. Iye adalonjeza kutsata malamulo a madokotala, ndipo limodzi mwa malamulowo lidali losakhudza mowa.

Mu December 1995 adamuchotsanso, ndipo ulendo uno chitseko chidatsekeratu. Chodabwitsa nchakuti sadamupeze ndi kokeni, yemwe apolisi amamusaka. Adamupeza ndi mowa, umene umagulitsidwa poyera masana dzuwa likuswa mtengo. Kwa anthu ena botolo limodzi si mlandu. Kwa iye lidali kuswa pangano, pakuti kwa munthu wodwala matendawa botolo limodzi limaitana linzake.

Ena adzati samva m'nkhunkhu adamva nkhwangwa ili m'mutu, popeza adachenjezedwa kangapo. Nzoona. Koma munthu wanzeru zake sataya dala chuma chotere kawiri konse. Mu 2007 Tarpley adasumira NBA ndi Dallas kukhoti, ponena kuti kumukaniza kubwerera kudali kumusala chifukwa cha matenda. Nkhaniyo adaithetsa mokambirana mu 2009, koma nthawi yosewera idali itapita. Adamwalira pa 9 January 2015 ku Arlington, m'chigawo cha Texas, ali ndi zaka 50.

Ku Dallas kudali madokotala, alangizi ndi ndalama, koma zonsezi sizidathe kumuimira pa ola lija munthu amatsala yekha ndi botolo. Nanga mnyamata wa pamudzi, wamphamvu kumunda ndi pampira, amene alibe dokotala kapena ligi yomuyeza? Akagwidwa ndi chamba mudzi wonse umagwedezeka, amalume nathamangira kupolisi. Akabwerako amamulandira ndi chipanda cha kachasu, amvekere wapulumuka. Achibale a mnyamata woteroyo akumbuke kuti Tarpley adapulumukapo pa mlandu waukulu, nadzagwa ndi chinthu chomwe palibe amene ankachiopa.