Nambala yaikulu, zenera laling'ono

Kamera yanga yoyamba, Canon 1100D yakaunjika, ndinaigula ndi ndalama zomwe ndinasunga kwa masemesita awiri, ndikudya nsima ya soya pieces tsiku ndi tsiku. Ndisanalipire ndinayamba ndayerekeza manambala. Pa viewfinder, kabowo kaja timaikapo diso pojambula, 1100D inalembedwa 0.80x. Canon 5D Mark II, yomwe mtengo wake sindikanaulota n'komwe, inalembedwa 0.71x. Ndinadziuza kuti apa pokha ndawaposa anthu andalama.

Patchuthi ndinapita kwathu ku Chitipa, ndipo amalume anandipempha kuti ndikajambule ukwati wa mwana wawo ku Misuku. Tchalitchi chinali cha mawindo ang'onoang'ono, kunja kuli nkhungu ija ya m'mapiri a khofi. Autofocus inkangosakasaka osagwira, ndiye ndinayamba kupotokola lenzi ndi dzanja. M'kabowomo akwati ankaoneka ngati aima kumapeto kwa ngalande.

Akuchimuna anali atabwera ndi wojambula wawo wochokera ku Mzuzu. Ataona ndikutsinzinira diso, anandipatsira kamera yawo, 5D Mark II yomwe ija. "Achimwene, tasuzumirani umu." Zinali ngati munthu wanditsegulira chitseko. Ngakhale ulusi wa velo ndinkauona.

Nambala ija si yabodza, ndine amene sindinadziwe kuiwerenga. Pa makamera onsewa amaiyeza atamangapo lenzi ya 50mm, osatengera kukula kwa sensa. Sensa ya 5D Mark II ndi 36mm ndi 24mm, pomwe ya 1100D ndi pafupifupi 22mm ndi 15mm. Nambalayo imangonena kukula kwa chinthu chomwe ukuona, osati kukula kwa zenera lomwe ukuonerapo, ndipo zeneralo limatsata sensa. Kuti muyerekeze mwachilungamo, gawani nambalayo ndi crop factor: 1.6 pa ma Canon a sensa yaing'ono, 1.5 pa ma Nikon otero. Yanga ija 0.80 imatsika kufika pa 0.50. Nikon D3100 ya mnzanga wa kuhositelo, yolembedwanso 0.80x, imafika pa 0.53. Ya ku Mzuzu imakhalabe 0.71, ndipo mukawerengera m'litali ndi m'lifupi, zenera lake ndi lalikulu pafupifupi kawiri. Onjezani kuti yanga imadutsitsa kuwala pa timagalasi, pomwe inayo ili ndi prism yowala bwino.

Sindikuuza wophunzira aliyense kuti akongole ndalama za full frame, ayi. Kamera yangayo ikundidyetsabe, ndipo ndinaphunzira kuti pamdima ndiziyatsa Live View n'kukulitsa chithunzi pasikirini ndisanadine. Koma tsikulo ndinali ndisanadziwe zimenezi. Pa chithunzi chovekana mphete, chomwe chinatuluka chakuthwa ndi kalendala ya pakhoma kumbuyo kwa abusa.

Amalume anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndili ndi nambala ya mnyamata wa ku Mzuzu uja.