Chamonix, Mudzi Umene Unalemera ndi Chisanu

Ife a kumapiri kuno timachidziwa chisanu cha mwezi wa Juni, chija chimawaula mbatata kudimba usiku umodzi wokha. Koma ku France, kufupi ndi malire a Italy ndi Switzerland, kuli mudzi wa Chamonix kumene chisanu sichichoka pamapiri chaka chonse. Mudziwu uli m'chigwa, patsinde pa phiri la Mont Blanc lotalika mamita oposa 4,800.

Kale anthu a kumeneko anali alimi osauka, oweta ng'ombe. Mdani wawo anali mitsinje ya madzi oundana, youma gwa ngati mwala, imene imatsika pang'onopang'ono kuchokera kuphiri. M'zaka za m'ma 1600 inakwirira minda ndi kugumula nyumba, mwakuti mu 1644 anthu anaitana bishopu kuti adzapemphere kuti ibwerere.

Zinthu zinayamba kusintha alendo atafika. Mu 1786 amuna awiri a m'mudzimo, dokotala Michel Paccard ndi mlenje Jacques Balmat, anakhala oyamba kufika pansonga pa Mont Blanc. Mbiri inawanda. Mu 1821 amuna a m'mudzi anapanga bungwe la operekeza alendo kuphiri, nagwirizana zomalandira alendowo mosinthana kuti aliyense apezeko kangachepe.

Sitima ya pamtunda itafika mu 1901, alendo anayamba kubwera ngakhale m'nyengo yozizira kudzachita masewera a ski. Munthu amamanga matabwa awiri aatali kumapazi, n'kugwira ndodo ziwiri, n'kumatsetsereka pa chipale chofewa kuchokera pamwamba. Mu 1924 mayiko 16 anasonkhana ku Chamonix pa mpikisano woyamba wa Olimpiki wa m'nyengo yozizira. Mu 1955 anatsegula ngolo zoyenda pachingwe m'mwamba, zokweza anthu kufika pa mamita pafupifupi 3,800. Makola ambiri anasanduka nyumba zogona alendo, ndipo ana a abusa anakhala aphunzitsi a ski. Chimene makolo ankachilira, zidzukulu zinayamba kudyera.

Koma lero dziko likutentha, ndipo chumacho chikusungunuka. Mtsinje woundana waukulu wa Mer de Glace waphwera kwambiri. Mu 1909 anamaliza njanji yofikitsa alendo pambali pake penipeni. Kenaka anamanga ngolo za pachingwe zotsikira kumunsi, koma pofika 2020 mlendo akatsika m'ngolozo ankayendanso masitepe oposa 500 kuti akhudze madzi oundanawo. Mu 2024 anatsegula ngolo zina zatsopano, kutsatira kumene mtsinjewo wathawira.

Owerenga athu, taonani mmene zatembenukira. Makolo a ku Chamonix ankapempha kuti chisanu chichoke, pamene zidzukulu zawo zikudandaula kuti chikuchoka. Nkhawa yawo si yachilendo kwa mlimi amene amayang'ana kumwamba mu Disembala, mbewu ili m'manja, mvula osaoneka. Iwonso chakudya chawo chimadalira nyengo.