Chigamba cha pamsongolo chimene sichinali chipere

Anzanga a pa tsamba lino mukudziwa kuti shuga ndinachoka naye ku Blantyre. Chimene sindinakuuzeni n'chifukwa chake ndinasiya masiketi ofika m'mawondo.

Kanayamba ngati kachiphuphu kolimba pamsongolo, kosayabwa, kosapweteka. Kanakula n'kukhala chigamba chonyezimira, khungu lapakati n'kupyapyala ngati pepala. Nditapita kumudzi patchuthi, azakhali anati ndi chipere, wina ananong'ona za khate. Ku famase anandigulitsa mankhwala a chipere osafunsa n'komwe ngati ndili ndi shuga.

Musaganize kuti kuno ku Leeds anachizindikira tsiku lomwelo. Dokotala woyamba anati ndi eczema. Zithunzi za m'mabuku awo zambiri n'za azungu, pomwe chigambacho chimaoneka chachikasu, m'mbali mofiira. Pa ife chimangodera. Ndinadikira miyezi kuti ndionane ndi dokotala wa khungu, amene anadula kanyama kukayeza. Dzina linabwera: necrobiosis lipoidica. Imagwira anthu pafupifupi atatu mwa 1,000 odwala shuga, amayi kuposa abambo.

Anandiuza mosabisa kuti mankhwala ochiziratu palibe, ndipo ngakhale shuga atatsika, chigambacho sichimvera. Anandipatsa clobetasol wopaka m'mphepete mokha, chifukwa pakati amapyapyalitsa khungu lomwe ndi lofooka kale. Zikakanika pali tacrolimus, jakisoni wa m'mphepete, kapena kuwalitsa mwendo ndi nyali za UV. Sindilipira kalikonse, poti ku England womwa mankhwala a shuga salipitsidwa mankhwala olembedwa ndi dokotala.

Komatu kwathu sindikunyoza. Makiliniko ofesa a khungu, ena ophunzira ku Moshi ku Tanzania, amaona khungu lakuda m'mawa mpaka madzulo, ndipo diso lawo ndimalikhulupirira kuposa la ambiri kuno. Chovuta n'chakuti kiliniki ya shuga ili ndi tsiku lake, ya khungu lake, thiransipoti kawiri. Ndiye munthu amangogula kirimu wa steroid pamsika, yemweyo amadzola oyeretsa khungu, n'kupaka paliponse.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi chilonda. Kungogunda pang'ono chigambacho chimatha kutseguka, osapola kwa miyezi. Kuno ndimagunda mabedi a okalamba amene ndimawasamalira, ndiye ndimavala zotchinga msongolo za ampira mkati mwa yunifolomu, anzanga n'kumandiseka kuti ndasainira Leeds United. Kwathu zogunda msongolo ndi chikuni, mbaula ndi pedulo ya kabaza.