NYIMBO ZA ANTHU A KU ABKHAZIA

Mwezi uno tikutengani pa ulendo wautali, kunka ku dziko laling'ono lochedwa Abkhazia, limene eni ake alicha Apsny. Dzikoli lapanikizika pakati pa madzi ndi mapiri: mbali yina kuli Nyanja Yakuda, imene madzi ake ali amchere, mbali yinanso kuli mapiri atali a Caucasus, amene nsonga zake ziyera ndi chipale chofewa. Mudzi wao waukulu ndiwo Sukhumi, uli m'mphepete mwa nyanja. Chiyambire nkhondo ya 1992 ndi 1993 eni dziko adzilamulira okha, koma boma la Georgia ndi maiko ambiri anena kuti dzikolo liri chigawo cha Georgia. Mlandu umenewo tiusiye, pakuti ife tadzera nyimbo.

Mukafika pa mudzi wao simudzagona ndi njala, popeza chakudya chao ndicho abysta, ndiyo nsima ya chimanga, imene adya ndi manja monga ife. Ndiwo zake ndi nyemba, tchizi, ndi tsabola wosinja wochedwa ajika. Akatha kudya, musafulumire kutsazika, chifukwa amuna ali pafupi kuyimba.

Mayimbidwe ao ali otere. Munthu mmodzi ayamba ndi mau okwera, natsogola nyimbo. Anzake onse alowa ndi mau akulu apansi, nawakoka motalika osasinthasintha, kotero kuti wotsogolayo akwera ndi kutsika pamwamba pao. Nthawi zina mau achitatu alowa pakati. Mau apansiwo tiwafanizire ndi mizati ya nyumba: siioneka yokongola, koma mukaizula denga ligwa. Nyimbo zambiri ziri ndi mau owerengeka okha, ndipo zina ziri ndi maliu opanda tanthauzo, chifukwa chimene afuna anthuwa ndicho kumvana kwa makosi ao.

Nchito iri yonse iri ndi nyimbo yake. Popalira chimanga kale ankaitanizana mudzi wonse, monga dima kwathu kuno. Mwambowo aucha kiaraz, ndipo makasu ankagwa pamodzi motsata nyimbo. Potenga mkwatibwi kunka naye kwa mwamuna ayimba Radeda. Mvula ikakana, atsikana ankabveka chidole zobvala, nanka nacho ku mtsinje alikuyimba nyimbo yopempha madzi. Alenje anali nazo zao zoyimbira Azhveipsh, amene makolo ao ankamuyesa mwini nyama za m'thengo. Mbusa yekha, pokhala kutali ndi anzake pa busa la kuphiri, aliza chitoliro chochedwa acharpyn, chosemedwa ndi phesi la chomera cha dzina lomwelo.

Koma nyimbo imene tifuna muikumbukire koposa zonse ndiyo Nyimbo ya Wolasidwa. Pakati pa anthu awa chinali chamanyazi kuti mwamuna abuule pamaso pa anthu, ngakhale bala lake likhale lalikulu chotani. Tsono munthu akalasidwa ku nkhondo, kapena akathyoka fupa pakugwa pa kavalo, abale ndi anansi sanali kumsiya yekha m'nyumba ndi ululu wake. Dzuwa likalowa ankasonkhana pa mphasa yake, nachezera naye kufikira mbandakucha, usiku ndi usiku. Ena ankasimba nthano za ngwazi zakale zochedwa Nart, ena ankaseketsa, ndipo nkhalamba inkaliza apkhyartsa, ndiye kaligo wa nsambo ziwiri za ubweya wa ku mchira wa kavalo. Sing'anga akamachotsa chipolopolo, onse ankakweza Nyimbo ya Wolasidwa, ndipo wodwalayo, ngati anali nayo mphamvu, ankayimba nao.

Taganizani, abale, nzeru imene iri m'mwambo umenewu. Nyimbo siitseka bala, ndipo iwo anadziwa chimenecho, pakuti sing'anga analipo ndi mankhwala ake. Koma munthu amene ululu wamkwera kufikira pakhosi ayenera kuturutsa liu. Anzakewo anampatsa njira yoliturutsira popanda manyazi. Kubuula kwake kunalowa m'nyimbo, ndipo mau apansi a anzake anakuchirikiza, monga momwe achirikizira wotsogola pa ukwati ndi pa munda. Mantha a usiku, amene aposa bala lomwe, analibe malo m'nyumba yodzala ndi anthu.

Magule ao nawo ali a anthu ambiri. Pa gule wochedwa Auraasha agwirana, nazungulira bwalo alikuyimba okha. Pa magule ena awomba m'manja, naliza ng'oma yochedwa adaul. Mnyamata abvina moimirira pa nsonga za zala za kumapazi, atabvala nsapato zofewa zachikopa, pamene namwali ayenda mosalala ngati bwato pa madzi odekha; ndipo mnyamata samkhudza konse, chifukwa ulemu ndiwo mutu wa malamulo a makolo ao, amene awacha Apsuara. Pa dambo lalikulu la mudzi wa Lykhny, pamene makolo ankasonkhana kupangana za dziko, anthu akomana nyengo ya masika kudzayimba, kubvina ndi kuthamangitsa akavalo.

Nyimbo zimenezi zinapyola m'moto. M'chaka cha 1864 boma la Russia linathetsa ufumu wa Abkhazia, ndipo m'zaka za 1867 ndi 1877 anthu zikwi zambiri anakakamizidwa kuoloka nyanja kunka ku Turkey. Ambiri anafera m'njira, midzi inatsala mabwinja. Otsala ndi opita omwe anapeka nyimbo zolira kwao, ndipo zidzukulu za opitawo zikali ku Turkey, ku Syria ndi ku Jordan. Pambuyo pake Konstantin Kovach anayenda m'midzi kulemba zimene nkhalamba zinkayimba, nasindikiza buku la nyimbo 101 m'chaka cha 1929. Nkhalambazo nazo sizinakhale chete: gulu lao loyimba lochedwa Nartaa linalandira mphotho ku Hungary m'chaka cha 1973.

Tsono pobwerera kwathu titengeko chiani? Si tonse tiri ndi liu lotsogola nyimbo, koma kugwira mau apansi aliyense akhoza. M'mudzi mwanu mwina muli wodwala amene masana anthu amzonda, koma usiku atsala yekha ndi nyali yozilala. Musadikire tsiku la maliro kuti mukamuyimbire. Pitani madzulo ano awiri kapena atatu, mukhale naye, ndipo akafuna nyimbo, muyambe.