Kudzutsa Lamya ku Sizinda

Zinenero zingapo za kummwera ndi kummawa kwa Africa zimagwirizana pa chinthu chimodzi chodabwitsa, chakuti lamya ndi chipangizo chomenya. Mchewa amatchaya lamya, Mndebele amati ukutshaya ucingo, pomwe Mswahili amati kupiga simu. Ucingo ndi waya, ndipo nayo simu inachokera ku liwu la Chiperisiya lotanthauza waya. Wotchera khutu amva m'mawu amenewa kugogoda kwa telegalafu yakale. Anthu atayamba kuyenda ndi lamya m'matumba, zinenero zinapekanso mayina: Chindebele chinati umakhalekhukhwini, kutanthauza cholira m'thumba, Chishona chinati nharembozha, lamya ya anthu opata, Chichewa, chosafuna zokometsera, chinangoti lamya ya m'manja. Koma pakati pa waya ndi thumba panadutsa chipangizo china chimene palibe anachipatsa dzina, ndicho lamya yokhomeredwa m'galimoto. Inakhala zaka zochepa, m'manja mwa anthu owerengeka, ndipo chinenero sichitayira dzina mlendo wogona usiku umodzi.

Imodzi mwa lamya zoterozo inakhala chete zaka 8 ku Sizinda, dera la mumzinda wa Bulawayo limene linamangidwira ogwira ntchito pa njanji, mmene munadzaza anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Eni ake anali bambo ena a ku Dedza amene anafika mu Southern Rhodesia m'chaka cha 1958, nthawi ya chitaganya, ali mnyamata wosakwatira. Anayamba ndi ntchito ya pa njanji, kenako anakhala dalaivala wa banja lina la azungu ku Hillside. Mu 1998 bwana wawo anagula Mercedes-Benz yokhala ndi lamya pakati pa mipando iwiri yakutsogolo.

Chaka chimenecho chinali chachikulu m'mbiri ya lamya ku Zimbabwe. Bungwe la boma la PTC linali litatsegula NetOne mu 1996, ndipo Strive Masiyiwa, atalimbana ndi boma m'makhoti pafupifupi zaka 5, anatsegula Econet mu 1998, chaka chomwe Telecel nayo inayamba. Pa mlandu wa Masiyiwa khoti lalikulu linagamula mu 1995 kuti kusiya lamya zonse m'manja mwa bungwe limodzi kunkaphwanya ufulu wa munthu wolankhula zakukhosi. Ufulu umenewo unakhala zaka 5 pafupi ndi chigongono chakumanzere cha bambowa. Ankaipukuta lamyayo mmawa uliwonse, ankaimva ikulira pamsewu wa ku Gwanda, ankamva bwana akukangana nayo za mitengo ya ng'ombe, koma sanaiikepo kukhutu. Banjalo litasamukira ku Australia mu 2003, galimotoyo inasiyidwa kwa iwo mmalo mwa penshoni. Mafuta anasowa, ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala, matayala anagulitsidwa mu 2008, ndipo galimoto inakhazikika pa njerwa kuseri kwa nyumba.

Mu 2011 bambowa anauza mdzukulu wawo kuti akufuna lamyayo igwirenso ntchito. Mnyamatayo anaseka, poti iye anali ndi yake m'thumba ndipo sanawamanepo agogo ake. Koma mabatani a kalamyako ankathawa zala za munthu wa zaka zoposa 70, ndipo choposa apo, lamya yobwereka imabwera ndi mwini wake, amene amaima pambali kudikira. Nkhani imene bambowa ankafuna kukamba ndi mlongo wawo ku Dedza sinali yokamba mdzukulu akumva. Kwa Achewa mwamuna ndiye mwini mbumba ya mlongo wake, ndipo mwini mbumba ameneyu anali atatchona zaka 53. Ankafuna kudziwa ngati kumanda a kwawo kudakali malo ake. M'galimoto muli chitseko chotseka.

Liwu limene anagwiritsa ntchito ndi lofunika kulilingalira. Makampani amati activation, achinyamata amati kutsegula layini, koma iwo anati, "Ndikufuna kuidzutsa." Amene amadzutsa chinthu amakhulupirira kuti sichinafe, ndipo pa ichi anali olondola kuposa mdzukulu wawo. M'dongosolo la GSM, limene makampani onse atatu a ku Zimbabwe anayamba nalo, lamya ilibe nambala yakeyake. Nambala ndi chizindikiro cha wolembetsa zimakhala m'kakhadi ka SIM, lamyayo ndi thupi chabe. Galimotoyo ikanakhala ya zaka za m'ma 1980, ya lamya za analogi zimene zinkamangidwa ndi netiweki imodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Iyi inali ya GSM, yolankhula pa 900 MHz, ndipo nsanja za mu Bulawayo zinali zikuyankhabe pa mlingo umenewo. Inalinso yamphamvu kuposa ya mdzukulu: lamya za m'galimoto zinkatha kutulutsa mawati 8 kudzera pa mlongoti wakunja, pomwe za m'manja zimalekezera pa 2.

Vuto loyamba linali la msinkhu wa khadi. Makhadi oyamba a SIM, a mu 1991, anali aakulu ngati khadi la kubanki, mamilimita 85.6 mulitali ndi 54 mulifupi, ndipo lamyayi inkameza khadi lathunthu lotero. Kakhadi kakang'ono kanafala kuyambira 1996, koma makampani sanasiye kukagulitsa kali pakati pa pulasitiki ya msinkhu wakale, imene wogula amabowola nkutaya. Mtsikana wa mushopu ya kampani yoyamba, mwaulemu wonse, anabowola kakhadiko nkuponya pulasitikiyo mubini, ndipo mdzukulu anachita kuitola pamene makasitomala ena ankamuyang'ana. Kunyumba anakabwezera mmalo mwake nkumata ndi selotepi kumsana. Atalumikiza batire lobwereka, kagalasi kobiriwira kanayaka koyamba chichokere azungu aja, kenako kanalemba mawu awiri a Chingerezi odandaula za khadi.

Amene anamasulira mawuwo anali mnyamata wokonza mafoni mumsika wina wa m'tauni. Lamya zakale zimapatsa khadi mphamvu ya mavoti 5, pomwe makhadi a pambuyo pake anapangidwira mavoti 3 kapena 1.8. Ena amalandira zonse zitatu, ena amangokhala chete akapatsidwa 5. Palibe cholembedwa pa khadi chouza wogula za zimenezi, choncho njira inali kuyesa. Khadi la kampani ina, limene mnyamatayo anabwereketsa, linavomera nthawi yomweyo, ndipo dzina la netiweki linaoneka pa kagalasi.

Lamya inali italivomera khadi, netiweki itaivomera lamya. Anatsala kuvomeredwa anali munthu. Kuyambira 2010 bungwe la POTRAZ linalamula kuti layini iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo ankafuna chitupa ndi umboni wa kumene munthu akukhala. Chitupa chachitsulo cha bambowa chinali ndi liwu lakuti ALIEN, mlendo. Lamulo la unzika la mu 2001 linali litachititsa anthu ambiri obadwira m'dzikomo kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhalanso alendo, kotero kuti ku Sizinda liwulo linali m'matumba a ana ndi makolo omwe. Komabe silinali loletsa munthu kugula layini. Chimene chinaimitsa zinthu chinali kalembedwe ka mfunda wawo.

Apa wophunzira zinenero sangachitire mwina koma kumwetulira, ngakhale nkhaniyo ili yowawa. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. Munthu akati Phiri kapena Phili watchula mfunda umodzi. Chindebele mwachibadwa chilibe r, ndipo Chishona chovomerezeka chilibe l. Kalaliki wa Chingerezi naye amaona ph ngati f, kapena amataya h poganiza kuti alibe ntchito. Mtchona aliyense amene anadutsa m'manja mwa makalaliki a mitundu itatu imeneyi anatuluka ndi mayina angapo. Mfunda wa bambowa unalembedwa mwina pa chitupa, mwina pa kalata ya madzi ya khonsolo, mwinanso pa laisensi yoyendetsera galimoto. Mnyamata wa pa kauntala anaika mapepalawo pamodzi nati m'Chindebele, "Khulu, awa ndi anthu atatu." Sananame. Kompyuta sidziwa kuti malembo awiri angakhale liwu limodzi, ndipo amene anaikonza sanafunsepo Mchewa. Panafunika kalata yolumbira pamaso pa woona za malumbiro, yonena kuti mayina atatuwo ndi a munthu mmodzi. Bambowa anaisainira atavala jekete limene ankavala poyendetsa bwana.

Zotsala zinali zazing'ono. Anagula zimene Amalawi amati mayunitsi, a ku Zimbabwe nkumati jusi. Nambala ya m'kabuku kawo, imene inabwera ndi mnzawo wochokera kumaliro mu 2007, inakana, chifukwa mu 2009 dziko la Malawi linawonjezera manambala pa lamya zonse za m'manja. Mayi wina wa kumpingo ndiye anawaonetsa poika ma 9 ena awiri pambuyo pa 265.

Anaimba Lamulungu masana, zitseko zonse zili zotseka, atakhala pampando wa dalaivala poti wina sanauzolowere. Anayankha ndi mwana wa mlongo wawo, amene anali asanawaonepo. Iwo anachoka kwawo chinenero chikutchedwa Chinyanja, dzina la Chichewa lisanakhazikitsidwe mu 1968, ndipo chimene ankalankhula chinali Chinyanja cha 1958 chothiridwa Chindebele ndi Chilapalapa cha pa njanji. Mayiyo anaganiza kuti ndi wakuba wa pa lamya, mpaka anakaitana amayi ake kudimba. Mlongoyo sanapereke moni. Anafunsa kuti ndi mtengo wanji unali kuseri kwa nkhokwe ya amayi awo. Atamva kuti unali msuku, anakhala chete nthawi yokwanira kudya theka la jusi, kenako anati, "Achimwene, mukulankhula ngati Mzulu. Tsono mubwera ndi miyendo kapena mubwera m'bokosi?" Za manda anayankha mwachidule kuti dothi silinathe, koma mfumu imene ilipo siwadziwa, ndipo munthu sagonekedwa m'mudzi umene sanaperekeko moni. Jusi inatha asanatsanzikane.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse mdzukulu ankanyamula batire pa wilibala kukalitchajitsa kwa makaniko. M'galimoto yopanda matayala ija munaweruzidwa milandu ya mbumba ya ku Dedza: ya malire a munda, ya mtsikana amene ankafuna kusiya sukulu, ya mbuzi za chipepeso. Ana a mlongo wawo anazolowera kunena kuti tidikire amve atsibweni. Mu 2013 malamulo atsopano a dziko la Zimbabwe, pa gawo 43, anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Ana awo anapita kukasintha zitupa. Iwo, obadwira ku Dedza, gawolo silinawakhudze. Ndalama ya basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete inasonkhanitsidwa kawiri, ndipo kawiri konse inathera kuchipatala.

Anamwalira mu 2016, chaka chimene Telstra ya ku Australia, dziko limene bwana wawo anasamukira, inazimitsa netiweki yake ya 2G, mtundu wokhawo umene lamya ngati yawo imamva. Anaikidwa kumanda a ku Luveve. Usiku wa tsiku limene anatsikira kulichete, a m'banjamo anazindikira kuti kabuku kaja kanasowa, ndipo nambala ya ku Dedza inali m'lamya ya m'galimoto mokha. Mdzukulu analumikiza batire ndi tochi kukamwa, nakhala pampando wa dalaivala. Chichewa chake chinali cha moni basi, choncho uthenga wa maliro unaperekedwa m'Chingerezi, ndipo kumbali inayo mwana wa sitandade 8 ankamasulirira agogo ake liwu ndi liwu.